Nsapato Zanga m'Buku la Comadre

Lolemba, 3 Okutobala

Andigoneka m'chipatala dzulo masana. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma changachi chinaimba: ndinabuula m'khitchini mpaka galu wa anansi anayamba kundithandiza. Miyala mu ndulu. Umodzi unatsika n'kukatseka njira, kapamba n'kutupa.

Dokotala Raghunathan, mtsikana woti ndikanakumana naye ku koleji kwathu ndikanamufunsa ngati wasochera kalasi, akuti: osadya, osamwa, diripi basi, mankhwala a ululu maola anayi alionse. Kapamba akaphwa achotsa ndulu. Ndamuuza kuti akachotsa ndulu ndiye kuti wandichotsanso ntchito, poti ndime yanga ya nthabwala m'nyuzipepala ya ku West Side ndimailemba ndi zowawa zomwezo. Sanaseke. Walemba kena kake pa kompyuta.

Chipatala nacho chikukondwerera Mwezi wa Chikhalidwe cha ife a Chilatino. Timbendera tamapepala m'khonde monse, ndipo botolo la mankhwala osambira m'manja aliveka kachipewa ka sombrero. Mwezi wathuwu umayamba pakati pa Seputembala n'kuthera pakati pa Okutobala, kuti tisazolowere kukhala ndi mwezi wathunthu.

Pa bedi la kuwindo pali Doña Chayo, zaka 78, shuga, chala cha kuphazi chikuda. Pakati pathu pali katani. Andifunsa kale dzina, ntchito, tchalitchi, ndiponso chifukwa chake sindinakwatiwenso.

Lachiwiri, 4 Okutobala

Thupi latentha, 101.4 pa muyeso wa kuno. Magazi atenga m'mawa, nambala ya kapamba yatsika pang'ono. Andilola kunyambita timiyala ta ayezi.

Wabwera comadre wanga Herminia, amene ananyamula mwana wanga Itzel pa ubatizo. Amagulitsa nyumba, ndiye nkhope yake ili pa mabenchi a m'masiteji a basi. Anthu a San Antonio akhala akumukhalira pankhope zaka zonsezi, iye akumwetulirabe. Wabwera ndi msuzi wa nkhuku.

"Kamsuzi kokha, comadre. Msuzi si chakudya."

"Kauzeni adokotala, comadre. Mwina tsamba limenelo sanafikepo."

Msuzi wamwa Doña Chayo.

Kenako nkhani ya kalabu yathu ya mabuku. Chaka chino tinagwirizana kuti mwezi wathu tiukondwerere powerenga nkhani zachikondi zamdima zolembedwa ndi anthu athu: zija zoti mwamuna amaba mkazi, kumutsekera m'chinyumba, mkazi n'kumathokoza pofika kumapeto. Anzanga a ku koleji amazinyoza masana, koma foni zawo zikudziwa zoona. Ine ndinaziikira kumbuyo m'nyuzipepala. Ndinati mkazi ali ndi ufulu wochita mantha atakhala pa sofa yake, akudziwa kuti chilombocho achitseka ndi dzanja limodzi nyemba zikayamba kupserera. Ndipo ngati mabukuwa akugulidwa, bola wolemba akhale wakwathu, wodziwa kuti agogo athu sanena "fiesta" m'chiganizo chilichonse.

Herminia watulutsa m'chikwama buku lotsiriza la mwezi uno. Pachikuto mwamuna wosavala malaya, dzina la wolemba losadziwika. Wandiyang'ana ngati mwana amene wabisa maswiti m'tsaya.

"Ndine, comadre. Ndalemba ndine. Dzinalo ndangodzipatsa."

Alikhazikitsa Loweruka la pa 15 mu holo ya laibulale ya kwathu, potsekera mwezi. Kudzakhala oimba a mariachi, ndipo Itzel adzawerengera anthu mutu wachisanu ndi chiwiri.

"Inu ophunziranu mukapeza zolakwika mundiuze titatseka chitseko."

Ndamupsompsona patsaya. Ndanyadira, ndikulemba apa kuti ndisadzakane.

Lachitatu, 5 Okutobala

Ululu ukufika kumsana. Awonjezera mankhwala.

Ndayamba kuwerengera Doña Chayo bukuli mokweza, maso awo ndi ofooka. Mwamuna ndi Leandro, mwini malole, chipsera patsaya. Salankhula, "amabangula." Mkazi ndi Paloma, wa ku yunivesite, ntchito yake kunjenjemera. Ndikafika pofotokoza mitambo, Doña Chayo amamenya chitsulo cha bedi.

"Dumphani za nyengozo, aphunzitsi. Mufike pamene avule malaya. Ine chala akuchidula Lachisanu, nthawi ndilibe."

Kunena zoona, comadre amatha kukoka nkhani. Ndasiyira mutu wachisanu ndi chimodzi.

Lachinayi, 6 Okutobala

Mutu wachisanu ndi chiwiri.

Leandro akamapita ku ntchito amatolera nsapato zonse za Paloma n'kuzikhomera m'bokosi la zida kumbuyo kwa pikapu. Amamuuza kuti: "Mapazi akowa asavutike kufunafuna chimene ine ndingakubweretsere." Tsiku la mayeso Paloma amabwereka mapatapata a kubafa kwa mayi wa nyumba yoyandikana n'kukwera basi. Pobwerako amapeza Leandro akumudikira pakhomo. Zochitika pambuyo pake bukuli likuzitcha moto wa chikondi, masamba awiri athunthu.

Ndinasiya kuwerenga pakati pa chiganizo. Doña Chayo anati, "Mwatani? Pokoma pomwe?" Ndinati mankhwala andiledzeretsa.

Mapatapatawo anali obiriwira. Lakumanzere linali lomanga ndi waya. M'buku zili momwemo, wayayo ndithu. Anali a Mayi Lozano. Mayeso anali a ndakatulo zakale za Chisipanishi, ndipo ndinakhoza. Moto wa chikondi unali nthiti ziwiri ndi bodza loti ndinaterereka m'bafa.

Rogelio, mwamuna wanga, bambo a Itzel. Anamwalira mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Itzel amamukumbukira ngati munthu amene ankamunyamula pamapewa kuti aone mabwato amaluwa pamtsinje. Zimenezonso n'zoona. Ndinamusiyira zimenezo dala, ndipo sindinong'oneza bondo.

Za nsapatozo ndinauza munthu mmodzi. Disembala wa chaka cha maliro, tikumanga matamale, ufa wa chimanga wophikira m'makoko ake, m'khitchini mwa Herminia, ena atapita kukagula makoko owonjezera. Manja athu tonse anali m'beseni la ufa wokanda. Amayi athu anatisiyira lamulo, ndipo mkazi aliyense wa kwathu amalidziwa: chonenedwa pomanga matamale chimakulungidwa m'makoko n'kuphikira limodzi. N'chifukwa chake amuna amathamangitsidwa tsiku limenelo. Si kuti sadziwa kupaka ufa.

Herminia analira, misozi mpaka kugwera m'beseni. Ndinkaganiza kuti akumvetsera. Kani ankaloweza.

Lachisanu, 7 Okutobala

Thupi 102. Dokotala akuti mtima ukuthamanga, wafunsa ngati china chikundivuta. Ndati ndikuwerenga buku. Wati ndichepetseko.

Doña Chayo awadula chala. Abwerako akuimba.

Ndamuimbira Herminia. Akuonetsa anthu nyumba, abwera mawa.

Loweruka, 8 Okutobala

Wabwera ndi maluwa achikasu ndi mafunso m'maso. Ndakoka katani, ngati kuti nsalu imatsekereza mawu.

"Mwafika pati, comadre?"

"Pa waya."

Anakhala pansi. Sanachite manyazi, ndipo chimenechi ndicho chikundiwawa kuposa kapamba. Anawala nkhope.

"Mwazindikira! Ndinadziwa. Comadre, bukuli ndi lanu. Ndakulemekezani."

"Munandifunsa?"

"Mukanakana. Inu chilichonse mumakana, ndi ntchito yanu."

"Ndinakuuzani manja ali mu ufa."

"Aaa, comadre, zimenezo ndi za amayi athu. Kukhala chete n'kumene kunawapha. Si inu nomwe munalemba m'nyuzipepala kuti nkhani zathu tizilemba tokha?"

"Zathu. Iyi ndi yanga."

"Maina ndasintha! Rogelio anali wamfupi ndi mimba, uyu ndamupatsa malole ndi chifuwa. Kumapeto amagwada, amalira, amamugulira sitolo yonse ya nsapato. Ndakupatsani mathero amene Mulungu anakumanani."

Ndakhala ndikuphunzitsa za mabuku zaka zambiri, koma sindinamvepo wolemba akudziikira kumbuyo bwino chonchi. Amagulitsa nyumba, n'zosadabwitsa. Ming'alu wapaka penti, pamene panali magazi waika kapeti, ndipo akufuna ndithokoze kuti mtengo wakwera.

Ndinamupempha chinthu chimodzi. Buku latuluka, silingabwerere m'mimba. Koma Itzel asaime pamaso pa anthu a m'dera lathu n'kuwerenga mutu umenewo ndi mawu okoma. Asankhe mutu wina, kapena awerenge munthu wina.

"Mapulogalamu asindikiza kale, comadre. Ndipo mutu umenewo ndi umene anthu akuukonda. Mwanayo sadziwa kanthu, ndiye chimupweteka n'chiyani?"

"Mayi Lozano ali moyo. Amakhala mzere wakutsogolo pa chilichonse chaulere."

"Ndikapemphera kaye, ndione chimene mtima undiuze."

Munthu akati akapemphera kaye, yankho analemba kale. Maluwa ndapatsa manesi.

Kuseri kwa katani kunali zii. Doña Chayo, amene amaliza mkonono ngakhale ali maso.

Lamlungu, 9 Okutobala

Thupi 100.2. Ululu wachepa.

Wabwera Itzel kuchokera ku Misa, buku m'manja, mutu uja atauika timapepala tamitundu. Ali ndi zaka 22 ndipo akuphunzira zisudzo, ndiye akufuna ndimve mmene akuwerengera. Anaima kumapazi kwa bedi, natsitsa mawu ngati a mwamuna: "Mapazi akowa asavutike..." Ali ndi chibwano cha bambo ake. Ndinayang'ana diripi.

"Amá, koma mwamuna ameneyu! N'zoipa, ndikudziwa, musandiyang'ane choncho. Koma munthu kukufuna mpaka kufika pamenepo?"

"Mija, mutuwu sunalembedwe bwino. Sankha wachitatu, uli ndi nthabwala."

"Wachitatu ndi wa mitambo."

"Mitambo sinapwetekepo munthu."

Anatseka buku. "Nsanje, Amá. Madigiri awiri muli nawo ndinu, koma buku alemba ndi a Nina Herminia. Muzingowayamikira, sikuti mufa nazo."

Ine, amene ndinaseketsa mzinda wonse ndi nkhani ya khansala wogona pamsonkhano, ndinamulola aganize kuti ndi nsanje. Zoona zake sindinafune kuzitulutsa nditavala mkanjo wotsegula kumbuyo, mkodzo wanga uli m'botolo pambali pa bedi. Nkhani imeneyi ndikufuna ndiinene nditakhala tsonga.

Anandipesa tsitsi asanapite.

Lolemba, 10 Okutobala

Sikani m'mawa. Kapamba waphwa. Andilola madzi a maapozi ndi msuzi wopanda kanthu. Opaleshoni Lachitatu, mabowo anayi ang'onoang'ono pamimba.

Herminia watumiza uthenga: wapemphera, ndipo mtima wamuuza kuti pulogalamu isasinthe. Waikapo kachithunzi ka manja opemphera.

Ndaganiza. Lachinayi, ndikadzuka bwino, ndimuuza Itzel ndekha, m'mawu anga, zochepa zimene ayenera kudziwa. Akasankhe yekha. Ndakhala ndikukonza ziganizo m'mutu ngati ndikukonzekera kalasi.

Doña Chayo akufuna timalize buku. Ndawauza kuti maso andiwawa. Ati, "Eee, aphunzitsi," n'kutembenukira kuwindo.

Lachitatu, 12 Okutobala

Achotsa. Pakhosi pouma. Itzel anandiperekeza mpaka pachitseko cha fiyeta. Podzuka sindinamupeze.

Lachinayi, 13 Okutobala

Thupi 101.8. Mkati mukutuluka madzi, aika kapaipi m'mbali, mankhwala opha tizilombo kudzera mu diripi. Sindituluka sabata ino.

Itzel sakuyankha foni. Ndinafunsa nesi ngati anamuona dzulo. Nesi anayang'ana bedi la kuwindo n'kutuluka mofulumira.

"Doña Chayo."

"Ndili mtulo."

"Doña Chayo, mwamuuza chiyani mwana wanga?"

Anakoka katani okha. "Mwanayo anakhala pabedi panupo akulira kuti mufa. Ndiye ndinati ndimuchotse maganizo."

"Pomuuza kuti bambo ake ankandimenya?"

"Ndinangoti amayi ako ndi olimba, munthu amene anapita ku mayeso ndi mapatapata a eni sangafe ndi kandulu. Iye n'kufunsa kuti mapatapata ati. Ndiye ndikanatani, ndiname? Ndili ndi zala zisanu ndi zinayi, aphunzitsi, ndayandikira kwa Mulungu."

"Munamva zonse Loweruka."

"Mumalankhula ngati muli m'kalasi. Ngakhale a m'chipinda chinacho anafunsa kuti zinatha bwanji."

Ziganizo zanga zonse zija, zosankhidwa bwino, zopanda mafupa. Mwana wanga wamva nkhaniyi kwa gogo woledzera ndi mankhwala, ine ndili chigonere mimba ili pululu.

Lachisanu, 14 Okutobala

Thupi 100.6. Ndayenda m'khonde ndikukoka chitsulo cha diripi. Timbendera tayamba kugwa, palibe akutitola. Mwezi watha kale m'mitima ya oyang'anira.

Uthenga umodzi wa Itzel: "Mawa ndikawerenga. Muonere pa tsamba la laibulale."

Ndamuimbira. Foni yozimitsa.

Loweruka, 15 Okutobala

Ndaonera pa foni, masana. Doña Chayo anapempha kuti ndikweze mawu. Ndinakweza, nanga n'kubisanso chiyani.

Holo yodzaza. Oimba anaimba, mkulu wa laibulale analankhula za mizu yathu. Akazi a kalabu yathu mzere wachiwiri, onse milomo yofiira. Mayi Lozano kutsogolo ndi ndodo yawo. Herminia mu diresi lagolide, akuti bukuli walipereka kwa akazi onse olimba mtima a m'dera lathu. Kenako anaitana "mwana wanga wa ubatizo."

Itzel anaima osamwetulira. Sanatsitse mawu ngati tsiku lija. Anawerenga mouma, ngati munthu wolengeza maliro.

"Rogelio akamapita ku ntchito amatolera nsapato zonse za Amparo."

Sanasinthe liwu lina lililonse. Maina okha. Pamene pali Leandro, bambo ake. Pamene pali Paloma, ine. Anthu ena anaseka poyamba, akuyesa kuti lilime laterereka. Atafika pa mapatapata, Mayi Lozano anagwira pakamwa. Atafika pa moto wa chikondi, holo yonse inali zii, ndipo anawerenga masamba awiriwo mpaka kumapeto, mawu onse okoma a Herminia, milomo, mpweya wotentha, dzina la bambo ake lili pakati. Sindinamvepo chinthu chonyansa chonchi, ndipo monga mphunzitsi ndiyenera kuvomereza kuti kuwerenga kwake kunali kwa pamwamba.

Atamaliza anati, "Amayi anga ali m'chipatala. Sanafunsidwe." Anaika buku pa tebulo n'kutuluka. Wogwira kamera anatembenukira kwa Herminia, amene anali akumwetulirabe ngati pa benchi. Kenako wina anauza oimba kuti ayambe, ndipo anayamba.

Foni yanga yakhala ikunjenjemera kuyambira pamenepo. Akazi a kalabu. Mkonzi wa nyuzipepala. Mlongo wake wa Rogelio wa ku Laredo, amene mawu ake sindilemba muno. Mkulu wa dipatimenti yathu akuti ndine ngwazi. Aliyense akufuna kubweretsa msuzi.

Doña Chayo akuti, "Mwana ameneyo ndi mwamuna." Ndawauza kuti ndicho chimene ndikuopa.

Lamlungu, 16 Okutobala

Thupi 98.9. Kapaipi achotsa. Ndadya mpunga woyera ndi nthochi. Mawa ndituluka. Malangizo: osadya zamafuta, osanyamula zolemera, osapsa mtima. Ndafunsa dokotala ngati chachitatucho chili ndi mapiritsi.

Ndikubwerera m'dera limene dzana ndinali mayi wa lilime lakuthwa amene makhansala amamuopa. Mawa ndikakhala "mayi uja, wachisoni." Kusitolo akandigwira dzanja. Ndikalemba nthabwala adzati ndikubisa misozi. Herminia watumiza uthenga wautali woti ndamuwonongera tsiku lake, ndipo mabuku onse agulidwa. Sindinayankhe. Disembala uno matamale akamange ndi owerenga ake.

Itzel wabwera masana. Maso otupa, koma chibwano m'mwamba, ngati msilikali wobwera kudzalandira mendulo.

"Mwaona, Amá?"

"Ndaona. West Side yonse yaona."

"Ndinakuimirirani."

"A Nina ako nawonso anatero. Doña Chayo nawonso. Ndili ndi mwayi, anthu ondiimirira achuluka. Ine ndangogona."

"Musandifanizire ndi iwowo! Iwo ananama, ine ndanena zoona."

"Unauza holo yonse kuti sindinafunsidwe. Mawu abwino. Iwe unandifunsa?"

Anakhala pampando pang'onopang'ono. Ndinamuona akubwerera kukhala wa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mkwiyo wanga unasowa pogwira, koma sunachoke. Sindikudziwa kuti uchoka liti. Sindinamunamize kuti palibe kanthu.

Kenako anati, "Ndamva kwa gogo wachilendo. Ndawerenga kwa a Nina. Ndanena ndekha pagulu. Koma sindikudziwa kanthu, Amá. Sindikudziwa ngati ankandikonda. Sindikudziwa chifukwa chake munakhala."

"Zimenezo m'buku mulibe."

"Ndiye ndiuzeni inuyo. Ngati mukufuna. Ndikufunsa."

Woyamba kufunsa, ndipo wafunsa katundu atagawana kale. Ndinamuuza akweze bedi kuti ndikhale tsonga. Anakweza. Ndinati lero ndinena zochepa, zina tsiku lina, zina sindidzanena, ndipo zimenezo zidzakhala zanga. Anagwedeza mutu.

Kuwindo kunamveka kachitsulo ka bedi, kenako TV inazima.

"Doña Chayo," ndinatero, "yatsani."

"Ikundipweteka mutu, aphunzitsi."

Ndinaliza belu. Nesi anabwera ndi njinga ya odwala, ndipo Itzel anandikankha mpaka kumapeto kwa khonde, pafupi ndi chipinda chosungira matsache, pamene sipadutsa munthu. Ndinayambira pa tsiku limene ndinakumana ndi bambo ake. Anali wamfupi, ndipo ankavina bwino kwambiri.